Lolemba la Kangaude

Pakampani yotsuka mawindo panamveka mbiri yakuti Kangaude amakwera chingwe atalawa. Osati masiku onse ayi, anthu ake miseche amaichita mwachilungamo. Ankati Lolemba lokha.

Anaiyambitsa ndi mlonda wa pageti, munthu amene maso ake amawapumitsa bwino pa ntchito yake kuti aziona msanga za eni. Umboni anali nawo. Lolemba lililonse Kangaude ankafika anzake asanabwere, maso ali psuu, manja akunjenjemera moti kiyi ankachita kumusakira bowo ngati nkhalamba ikulowetsa ulusi pa singano. Akalowa m'kachipinda kosungira zingwe ankadzitsekera. Potuluka manja ali bata, nkhope yawongoka, m'kamwa muli switi, m'kachipindamo mukutuluka fungo la sipiriti.

"Ine mowa ndinaumwapo," ankatero mlonda. "Manja otero sachira ndi tiyi."

Tsono tikonze. Sipiritiyo ngwochotsera guluu ndi zitosi zouma pagalasi, ndipo amakhala pashelefu m'kachipinda momwemo kuyambira kalekale. Switiyo njoletsa mseru. Mowa Kangaude anaulawa kamodzi ali mnyamata, nalavula, nafunsa anzake ngati wawonongeka. Vuto lake linali lina, lochititsa manyazi kuposa botolo kwa munthu wa ntchito ngati yake. Kangaude amaopa pamwamba.

Anabadwa nawo manthawo. Ali mwana anzake akakwera mumtengo, iye ndiye ankatsala pansi kutola, n'kumanena kuti wina ayenera kuyang'anira malaya. Atakula anagwira ntchito pamalo ophikira buledi, pansi penipeni, mpaka malowo anatsekedwa mkazi wake ali ndi pakati. Mlamu wake, mlongo wa mkaziyo, ndiye anabwera ndi uthenga wabwino.

"Alamu, kwathu akufuna munthu. Ntchito yake ndi kutsuka mawindo basi."

Sananame. Anangoiwala kutchula kuti mawindowo ali kuti. Kangaude anapita ndi kansanza kake m'thumba, akuganiza za mawindo ofika m'chifuwa. Anamulowetsa m'chikepe, chikepe chinakwera, chinakwerabe, mpaka anatulukira padenga la nyumba yaitali moti magalimoto pansi ankaoneka ngati tizilombo tothawa mvula. Anamumanga malamba, kumuveka chisoti, kumuphunzitsa mfundo za chingwe. Tsiku loyamba kutsika, anakakamira khoma ndi manja, mawondo, chibwano, chilichonse chimene Mulungu anamupatsa. Dzina la Kangaude linabadwa pomwepo, ndipo linali lomuseka. Anthu obwera pambuyo pake amayesa ndi lomutama. Iye sawawongolera.

Sanasiye, chifukwa mwana anali m'njira, ndipo mwana akamabwera safunsa ngati bambo ake apeza ntchito yapansi. Anabwera woyamba, wachiwiri, wachitatu, Kangaude ali lende pachingwe. Ntchito anaidziwa. Galasi lotsukidwa ndi iye mbalame zimadziguguda nalo.

Mantha ake ali ngati nsapato yolimba. Akaivala Lachiwiri imakhala itafewako, Lachinayi amaiwala kuti waivala, Lachisanu amatha kuimba mluzu ali m'malere. Koma Loweruka ndi Lamlungu mapazi amazoloweranso nthaka. Akamadzafika Lolemba, nsapato ija yaumanso gwaa ngati sinavalidwepo.

Zimayamba Lamlungu masana akangobwera kutchalitchi. Chakudya amangochitembenuza m'mbale. Amatuluka panja, kubwerera, kukonza mpando wosathyoka, kufunsa ana za sukulu kawiri.

"Bambo ake, Lolemba lanu lafika kale?" amafunsa mkazi wake. "Anzanu lawo limabwera mawa."

Kwa abusa anapitako. Abusa anamusanjika manja, nadzudzula mzimu wa mantha ndi mawu amphamvu, naulamula kuti uchoke usadzabwerenso. Unachokadi. Unangotsogola kuntchito, ndipo Lolemba anaupeza pageti ukumudikirira. Anayesa kupemphera kunyumba m'mawa, koma nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi ana atatu ofuna masokosi si malo oti munthu n'kumva mawu ake omwe. M'basi namo munthu ungatseke bwanji maso, chigongono cha mnzako chili m'nthiti.

Kachipinda ka zingwe anakapeza mwangozi. Lamulo la ntchito limati munthu asanakwere ayendetse chingwe chake chonse m'manja, kuchokera nsonga iyi kukafika inayo, kuti amve ngati pali popekesuka. Lolemba lina akuchita zimenezo, chitseko chitadzitseka chokha ndi mphepo, anangomva pakamwa pake pakuyankhula. Kuyambira pamenepo ndi mmene amachitira. Amagwada pa thumba la nsanza, chingwe chikuyenda pakati pa zala, iye akupereka lipoti.

"Ambuye, ndine uja wa mawindo. Lafikanso. Miyendo yakana, m'mimba mukutembenuzika, inu mukuona nokha. Sindikupempha kuti nyumba ifupike. Mungondigwira kumsana kuno mpaka ndizolowere."

Akatero amatchula mkazi wake, ana mmodzimmodzi ndi zovuta zawo, wamkulu ndi masamu ake, wapakati ndi chifuwa chake, wamng'ono amene amaluma anzake. Amatchulanso anthu a m'maofesi amene amawaona kudzera pagalasi Lolemba m'mawa atagwira mitu, chifukwa anazindikira kalekale kuti Lolemba silisankha, limaluma wa tayi ndi wa ndowa yemwe. Mlamu wake amamutchula pomalizira, chingwe chikatsala pang'ono. Nsonga ikafika m'manja amati ameni. Mantha samachoka, koma amakhala pansi ngati galu wouzidwa ndi mwini wake.

Sanauze munthu kuntchito. Wotsuka mawindo woopa pamwamba ali ngati wometa woopa tsitsi, ndani angamusunge? Mbiri ya mowa anaimva, anaisiya. Ankaona kuti bola kutchedwa chidakwa ndi mlonda kusiyana ndi kutchedwa wamantha ndi bwana.

Kenako kunabwera kapitawo watsopano, mayi wamfupi wa mapewa otakata, amene naye anakwerapo zingwe asanayambe kukalipira okwera. Kumene anachokera anaonapo munthu akugwa atamwa, ndipo nkhani ya botolo sankaiseka. Mlonda anamulandira nayo pageti asanadziwe n'komwe kumene kuli ofesi yake. Mayiyo sanafunse Kangaude kanthu. Lachisanu poweruka anangotambasula dzanja.

"Bambo Kangaude, kiyi wa kachipinda. Kuyambira Lolemba zingwe ndiziona ndekha, muzizilandirira padenga. Ndipo aliyense amene ndidzamumve kafungo, chisoti adzasiye pomwepo."

Kangaude anapereka kiyi ndi manja awiri, mwaulemu, ngati akupereka mwana wake kwa adokotala a mano.

Lamlungu limenelo mpando wosathyoka uja anaukonza mpaka unathyoka.

"Bwanji osangowauza zoona?" anatero mkazi wake akutola mwendo wa mpando.

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti munthu amene amulemba kukwera amaopa kukwera? Andithokoza, andionetse geti."

"Nanga akakuyesani chidakwa sakuonetsani geti?"

"Chidakwa amayamba achinunkhiza kaye. Wamantha samununkhiza."

Lolemba anafika m'mawa monga mwa nthawi zonse, naima pakhomo pa kachipinda kotseka ngati mlendo wofika eni nyumba atasamuka. Mlonda ankamuyang'ana cham'mbali, akumwetulira. Anaganiza zopempherera m'chimbudzi, analowadi, koma atayang'ana malowo anatuluka. Mlendo wolemekezeka sumuitanira mmenemo. M'galimoto ya kampani mlamu wake ankafotokoza za mpira wadzulo, chigoli chilichonse ndi manja omwe. M'chikepe kapitawo anaima naye pafupi kwambiri, mphuno ikugwira ntchito.

"Mwadya switi, bambo?"

"Ya mseru, mayi."

"Mseru wa Lolemba," anatero mayiyo, osaonjezera.

Padenga anawapatsa zingwe zozengazenga bwino, zoonedwa kale. Panalibe choyendetsa m'manja. Mlamu wake, amene ntchito yake ndi kutsala pamwamba kuyang'anira pomangirira, anamukoka malamba, namukoleka ndowa m'chiuno ndi kawayilesi kolankhulirana pachifuwa. Kapitawo anatsika kukaima pamsewu kuti aziona onse bwino. Anzake awiri anadutsa kampanda ka m'mphepete mwa denga n'kuyamba kutsetsereka akuseka. Kangaude anadutsa naye, mano atalumana. Anatsika windo loyamba. Anatsika lachiwiri. Pofika lachitatu mphepo inamukankha pang'ono, ndowa inagwedezeka, madzi anatayikira, ndipo iye anachita chimene amaletsa atsopano onse. Anatsatira madziwo ndi maso mpaka pansi.

Basi, thupi linatseka. Manja onse awiri anafumbata chingwe pamwamba pa kachitsulo kotsetserekera, ndipo sanafunenso kumva za mwini wake. Kuti munthu atsike amayenera kumasula dzanja limodzi n'kukoka kachitsuloko. Dzanja linakana. Thukuta linalowa m'maso. Mkati mwa galasi mnyamata wa tayi anasiya kompyuta, namuyang'ana, namupatsa moni ndi dzanja. Kangaude analibe dzanja lobwezera.

Kawayilesi kanakhosomola. Anali kapitawo.

"Bambo Kangaude, windo limenelo mukulifunsira ukwati? Tsikani."

Batani loyankhira limafuna chala, ndipo zala zonse zinali pa ntchito ina.

"Alamu," anafuula mlamu wake atasuzumira pakampanda, "mayi akuyankhula nanu. Dinani ndi chibwano."

Anaweramitsa mutu, nadina ndi chibwano. Anangotumiza mpweya wokhawokha.

"Ndikufunsani kamodzi," anatero kapitawo, mawu ataphwa nthabwala. "Mwamwa? Ngati mwamwa nenani, titumize munthu adzakutsitseni, zinazo tikambirana pansi."

Apa ndiye panali pamphambano. Akati inde, amutsitsa, asiye chisoti. Akanena zoona, amutsitsanso, mwina asiyenso chisoti, kuwonjezapo kusekedwa. Anaganiza za mpando wa miyendo itatu kunyumba ndi anthu anayi amene amadya za chingwe chimenechi. Bodza analiyesa pakamwa, linakanika kutuluka. Munthu ukakhala lende pakati pa thambo ndi msewu, sufuna kukhumudwitsa mbali iliyonse.

"Mayi," anatero ndi chibwano pabatani, "sindinamwe. Ndikuopa."

"Mukuopa chiyani? Chingwe ndachiona ndekha."

"Chingwe chilibe mlandu. Ndimaopa pamwamba. Kuyambira kale. M'kachipinda muja ndimapempheramo, ndiye lero sindinapemphere."

Anzake awiri aja, amene ankamva zonse pa mawayilesi awo, anasiya kutsuka. Nkhunda ina inatera pafupi, inamuyang'ana, inaona kuti palibe chodya, inapita.

"Ndiye pempherani," anatero kapitawo. "Tikudikirani."

Anatsegula pakamwa. Panalibe kanthu. Mawu amene ankabwera okha chingwe chikamayenda m'manja, lero chingwe chitaima nawonso anaima.

"Akukana kutuluka, mayi." Anapuma. "Alamu, tandiyambitsireni."

Mlamu wakeyo kutchalitchi anapitako komaliza tsiku la ukwati wa mlongo wake, ndipo ngakhale tsiku limenelo anakhala panja kuyang'anira magalimoto.

"Ine, alamu? Mulibe wina?"

"Pamwamba apo muli nokha."

Mlamu anavula chisoti, anakumbukira kuti kapitawo akumuona, anachivalanso. Anakonza kukhosi. M'mutu mwake munali pemphero limodzi lokha, limene mayi ake anamukhomerera ali mwana, ndipo analitulutsa lonse mmene linalili.

"Tiyeni titseke maso. Kupatula inu alamu, inu musatseke. Atate, tikuthokozani chifukwa cha ichi mwatiikira patsogolo pathu. Dalitsani manja amene akonza. Chikalowa m'matupi mwathu chikatipatse mphamvu. Kumbukiraninso ena amene sanapeze kanthu lero."

"Alamu," anatero Kangaude, "mukundidalitsa kuti andidye ndani?"

"Musandidule, ndisokonezeka. Ndi lokhali ndili nalo."

Mmodzi wa anzake aja anayamba kuseka mpaka ndowa yake kugwedezeka. Kuseka kunayenda m'mawayilesi monse, kunafika ndi pamsewu pomwe, pamene kapitawo anamveka akulimbana nako. Kangaude naye kunamugwira. Kunayambira m'mimba momwe munali mseru muja, kunakwera, kunatuluka ndi misozi. Ali mkati moseka anangoona dzanja lake lamanja likupukuta m'maso. Linali litasiya chingwe lokha osatsanzika.

Analiyang'ana dzanjalo ngati m'bale wobwera kuchokera kutali. Analibwezera pachingwe, koma tsopano mosafumbata. Analiyendetsa pang'ono chotsika, pang'ono chokwera, kachigawo kakang'ono kamene kanali patsogolo pa mphuno yake. Mawu anabwera.

"Ambuye, ndine uja wa mawindo. Pepani ndachedwa, malo athu aja atseka. Zimene wanena mlamu wangayu musazitengere, cholinga chinali chabwino. Lafikanso Lolemba, ndipo lero landipeza panja, anthu onse akumva. Ndikuopa kugwa, ndikuopanso ntchito kutha. Ziwiri zonsezo sindingazinyamule ndili pano. Tengani chimodzi, chinacho ndiyesa."

Anatchula mkazi wake ndi ana. Anatchula mnyamata wa tayi uja, amene tsopano anali ataitana anzake kudzaonerera. Anatchula kapitawo, kuti Mulungu amupatse mtima wofewa koma asamuchotsere maso akuthwa, chifukwa zingwe wazionadi bwino. Atati ameni, ma ameni ena anabwera m'kawayilesi, wina wochokera kumanzere, wina kumwamba, wina wamfupi wouma wochokera pamsewu.

Anakoka kachitsulo. Chingwe chinayenda. Anaviika chopukutira m'ndowa, napaka thovu pankhope za oonerera aja, nalipala ndi labala mpaka nkhopezo zinaonekanso zowala. Anatsuka mzere wake wonse mpaka pansi. Mapazi anagunda msewu.

Kapitawo anamudikirira atapinda manja. Kangaude anayamba kumasula chisoti yekha, kuti asavutitse munthu.

"Chisoti mukuchivuliranji? Mizere yatsala."

"Ndimayesa mwina..."

"Uzirani kuno."

Anauzira. Mayiyo ananunkhiza mofatsa ngati wogula nsomba.

"Switi yekhayekha," anatero. "Zaka zonsezi mumakwera ndi mantha amenewa?"

"Lolemba ndiye amakula, mayi. Masiku enawa amakhala aulemu."

"Ndipo munaona kuti bola ndikuyeseni chidakwa."

"Chidakwa ena amachimvera chisoni."

Mayiyo anapukusa mutu, napisa m'thumba la ovolosi, natulutsa kiyi.

"Malamulo ndinawawerenga onse. Mowa analetsa, mantha sanaletse. Amene amandisowetsa tulo ine ndi awa otsetsereka akuseka. Tengani. Chingwe muziyendetsa nokha, ine ndizidzachionanso pambuyo panu. Koma mukamatuluka muzindipeza pakhomo, ndizinunkhiza, kufikira mtima wanga utakhazikika. Ndipo tsiku limene pemphero lakana, mudzanene muli pansi. Musadzandiuzirenso m'malere."

Kangaude analandira kiyi ndi manja awiri. Anafuna kunena mawu ambiri othokoza, koma mayiyo anali atatembenuka kale, akukalipira wina za ndowa.

Madzulo ake anadya mbale yake yonse, napempha ina. Mkazi wake atamva nkhani yonse anafunsa chinthu chimodzi.

"Achimwene anapemphera? Pakamwa pawo pomwe paja?"

"Anandidalitsa ngati ndiwo."

Mkaziyo anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo mwana wamng'ono, posadziwa chikuchitika, analuma wapakati.

Masiku ano Kangaude akadali pachingwe, imvi zitayamba kusuzumira pansi pa chisoti. Lamlungu masana amatembenuzabe chakudya m'mbale. Lolemba amalowabe m'kachipinda, ndipo anzake akamadutsa pakhomopo amatsitsa mawu. Nthawi zina wina amagogoda pang'ono n'kunena kuti, "A Kangaude, mukafika pakati pa chingwe munditchuleko, kunyumba sikuli bwino." Mlamu wake amadandaula kuti amatchulidwa kumapeto, chingwe chitatha, madalitso atatsala a m'munsi mwa mphika.

Mlonda yekha ndiye sanagonje. Munthu amene wamanga nyumba ya miseche sagwetsa chifukwa choti kwabwera zoona, amangowonjezera chipinda. Tsopano amauza atsopano kuti Kangaude amamwabe, kungoti amayamba waupempherera kuti usanunkhe. Lolemba lina anamuimitsa pageti anthu ali pomwepo.

"Akulu, tiuzeni zoona lero, tonse ndife akuluakulu. M'kachipinda muja simulawa ngakhale kapakamwa kamodzi?"

Kangaude anatulutsa manja m'thumba, nawatambasula patsogolo pa mlonda. Ankanjenjemera ngati masamba.

"Ndikanakhala womwa, bwenzi ndikumwera kunyumba, n'kufika pano manja ali phee. Ine ndine wamantha, achimwene, si chidakwa. Kaneneni zimenezo, ndipo tsegulani geti ndikapemphere."